Kufa Pang'ono kwa a Jailosi

Dzuwa linali litafika pamapazi awo koma iwo sanasunthe. Chimenecho ndicho ndinayamba kuona.

A Jailosi anali agogo a m'chipinda chakumapeto, m'nyumba imene tinkachita lendi ku Kawe, m'dziko la eni kumene amalankhula Chiswahili, mabanja asanu khomo limodzi. M'mawa uliwonse ankayala chiguduli kuseri kwa nyumba, uwani, m'mbali mwa khoma, n'kumapinda thupi lawo uku ndi uku, ndipo pomaliza ankagona chagada, manja m'mbali, zikhatho zitayang'ana kumwamba, atatsinzina. Koma dzuwa lisanadumphe khoma ankakhala atadzuka kale, atapinda chiguduli, akuyendera makomo kufunsa amene watsala ndi chai, ndiye kuti tiyi. Tsiku limenelo dzuwa linadumpha khoma, linagwira zala za kumapazi, linakwera mpaka m'mawondo, ine ndili pabeseni ndikuchapa matewera, ndikuyang'ana, ndikuchapa, ndikuyang'ananso, koma osawayandikira. Anali atatiletsa. Kugona kumeneko ankakutcha kufa pang'ono, ndipo wowagwedeza ali pakati pa kufa pang'ono ankatukwanidwa mpaka madzulo. Ndiye Lute wanga wamng'ono atayamba kukwawira komweko ndinamukoka mwendo, ndipo Esinati, wamkuluyo, amene tsiku limenelo anali atamaliza msanga kupinda nawo thupi n'kupita kukawatungira madzi akumwa, atabwera ndi kapu ndinamuuza kuti khala chete, agogo sanamalize. Kenako ntchentche inatera pamlomo pawo. Inayenda mpaka m'mphepete, inalowa pang'ono, inatuluka. Sanaiuzire.

Ndinakhala maola awiri ndikulondera maliro kuti ana asawasokoneze. Lero chatha chaka.

Kwawo kunali ku Ntcheu, koma anachokako ndevu zisanamere ndipo sanabwerereko. Zaka zoposa makumi atatu anali khukhi wa banja lina la amwenye m'tauni. Akazi awo anamwalira ine ndisanalowe m'nyumbamo, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Mwanza ya kuno, osati ya kwathu, n'kusiya kulemba makalata. Anali aafupi, miyendo ngati ndodo, mano akutsogolo kulibe, kabudula wa khaki mmodzi yemweyo, ndipo sanali munthu wofewa, ndisakunamizeni. Ndiwo za aliyense ankazipezera chifukwa, akudya. Mwamuna wanga, fakitale yawo itatsekedwa, anayamba kugulitsa kaunjika ku Mwenge, ndipo madzulo alionse a Jailosi ankamulonjera pomufunsa kuti akufa a ku Ulaya atitumizira chiyani lero. Zinali zaka zija anthu ankati za ruksa, zonse zololedwa. Masitolo anadzaza sopo ndi mawailesi, matchalitchi atsopano ankamera m'matenti, mafakitale ankagulitsidwa, chipatala chinayamba kufunsa lisiti chisanafunse pamene pakupweteka. Iwo ankati zonse zaloledwa kupatula kukalamba.

Zopinda thupizo anazitola kuntchito. Bwana wawo wamkulu, munthu wa msana wovuta, ankaima ndi mutu m'bandakucha uliwonse, ndipo ntchito ya a Jailosi, asanayatse moto, inali yomugwira miyendo kuti asagwe. Anagwira miyendo imeneyo zaka ndi zaka osaganizako zoyesa, ankati zinali za mabwana ngati mmene analili masupuni a siliva. Ndiye banja lija linasamukira kunja. Iwo anapezeka akudzukabe nthawi yomwe ija, manja ali okonzeka, miyendo yoti agwire palibe. M'mawa wina, imvi zitamera kale, anaika mutu pansi n'kuponya miyendo kumwamba, anakagwera pamtsuko wa akazi awo, mtsuko unasweka, akazi awo sanawalankhule masiku awiri. Mawa lake anayambira poyambira penipeni, kuima chabe. Nkhani imeneyi ankaikamba akuseka ndi nkhama zokhazokha, ndipo ankati kuchokera tsiku la mtsuko sanadumphitsepo m'mawa ngakhale umodzi.

Dzina la zinthuzo ndinalimva molakwika. Nditangofika ndinawafunsa kuti agogo, kodi chimenechi n'chiyani, iwo anati yoga, ine ndinamva woga, mantha m'Chiswahili.

"Mantha a chiyani, agogo?"

"Woga ndi wako, make Esinati, ukuonekera pankhope. Yanga ndi yoga."

Ana a mumsewu anamva uyoga, bowa, ndiye anawatcha Mzee Uyoga, poti ankamera pansi m'mawa uliwonse. Akamawapatsa moni wa akulu kuti shikamoo Mzee Uyoga, iwo ankayankha marahaba, mutu uli pansi.

Amene sankaseka nawo anali a Nangondo, a chipinda choyang'anana ndi chathu, Mnyasa mnzathu, monga amatitchulira kuno ife ochokera kwathu, koma wobadwira konkuno. Tsiku lina anaima ndi mbale zawo n'kuwayang'ana.

"Agogo, munthu wamkulu ngati inu, matako kumwamba ana akuona?"

Mawu anatuluka pansi ngati a m'chitini. "Matakowa akhalira pansi zaka makumi asanu ndi awiri, Nangondo. Asiye aoneko kumwamba."

"Kwathu oyenda chadodolido timawadziwa dzina lawo."

"Kwanu kuti? Unabadwira pa Kawe pompano. Ndipo mfiti zimayenda zosavala. Ine kabudula ndavala, ngakhale ndi wobooka."

Tinaseka tonse, inenso ndinaseka. A Nangondo anathira madzi otsukira mbale pafupi ndi chiguduli, ndipo ankatero masiku ambiri.

Ndi akulu a mpingo a Jailosi anakangana kale, pamaliro a akazi awo. Anthu amene anagona pamaliropo anadzuka n'kupeza mwini maliro ali kuseri, waima ndi mwendo umodzi, manja kumwamba. Akuluwo anati n'chipongwe kwa malemu, komanso n'kupembedza milungu ya amwenye. Iwo anayankha kuti mulungu wa mwenye sadziwa ngakhale mmodzi, amadziwa msana wawo, ndipo akasiya tsiku limenelo, lovuta kuposa onse, ndiye kuti masiku ena onse aja anali masewera. Anaimitsidwa kudya mgonero miyezi ingapo. Kutchalitchi ankapitabe, n'kukakhala kumbuyo, atawongoka ngati mzati.

Ine chimene ndimawakumbukira nacho kwambiri ndi tsiku la mvula. Esinati anabadwa ndi mphumu. Chifuwa chikamutseka chimalira ngati kamwana ka mphaka, mapewa amakwera, khungu la pakhosi limalowa mkati. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu, Lute ndili naye m'mimba. Mvula yaikulu ija amati ya masika kuno inali itagwa kuyambira m'mawa, msewu wathu utasanduka mtsinje, daladala, maminibasi a kuno, sizinkafika, bambo ake ali ku Mwenge. Chinamugwira masana. Ndinamunyamula, ndinathamangira pakhomo, madzi okhaokha, ndinabwerera, ndinamugwedeza, ndinati puma, puma mwanawe, ndinathamangiranso pakhomo, milomo yake ikusintha mtundu, ine ndikukuwa mayina a anthu amene sanali m'nyumbamo.

A Jailosi anatuluka m'chipinda mwawo. "Mutsitse."

"Akufa, agogo."

"Ndati mutsitse. Ukumuthira mantha ako pamwamba pa ake. Pita ukafune chomufunditsa."

Anavundikira ndowa pansi m'kolido, anamukhazika, anamuweramitsa pamwamba pa ndowayo, anaika dzanja pamsana pake. Sanamuuze kuti puma. Anamufunsa ngati amaidziwa njuchi. Kenako anatseka pakamwa n'kuyamba kulira ngati njuchiyo, mmm, motalika, n'kukoka mpweya, n'kuyambanso, ndipo anamuuza kuti awathandize, iwo okha atopa. Poyamba kanjuchi ka Esinati kanali kodukaduka. Kenako kanatalikirako. Sanachire ayi, chifuwa chinkalirabe, koma maso anasiya kuthamanga, zala zinasiya kukanda ndowa. Apo a Jailosi anati ndimuike kumsana kwawo. Munthu wa zaka zimenezo, madzi a m'mawondo, anamubereka mpaka ku msewu waukulu, onse awiri akulira ngati njuchi, ine pambuyo nditagwira mimba. Kuchipatala mwana atamubaya, a Jailosi anandikokera pambali n'kundiuza kuti wina asadzandinamize, njuchi siilowa m'malo mwa jakisoni, imangomufikitsa munthu pamene pali jakisoniyo.

Esinati atapeza bwino, agogo anayamba naye m'mawa uliwonse. Sabata yoyamba kunali kuima basi, mapazi onse pansi, kumva simenti. Esinati anatopa nazo, anati agogo, kuima ndimadziwa kale. Iwo anati aliyense amatero. Kenako anamuonetsa za nyama. Mayina ake achimwenye anali ataiwala, ndiye anaika awo: mphaka wodzuka kutulo, galu wodziwongola, njoka yosuzumira. Kuima ndi mutu anamukaniza, anati khosi likadali lanthete. Pomaliza ankagona onse awiri chagada, nkhalamba ndi mwana, kufa pang'ono, ndipo ankati wozolowera kugona chonchi, imfa ikadzabwera sidzamupeza ali mlendo. Lamulo lawo linali limodzi, zochepa koma osadumphitsa. Tsiku limene mwana sakufuna, ayale chiguduli, aimepo, apume katatu, apinde, basi, tsikulo silinatayike. Ankati thupi lili ngati apongozi, ukawadutsa tsiku limodzi osapereka moni amasunga sabata yathunthu.

Lute atabadwa inenso ndinayesa, masiku asanu ndi anayi. Kupinda ndinkapinda, koma kutsinzina kunandikanika. Ndikati nditseke maso ndinkamva khanda likutsokomola, mphika ukusefukira, munthu akutsegula chitseko chakumsewu.

"Iwe umagona ngati nkhuku ya anapiye," anatero. "Diso limodzi lili kwa kabawi."

"Nanga ndikatseka onse awiri, awayang'ane ndani, agogo?"

Anapinda chiguduli chawo. Kenako anati ndidzayale chiguduli mawa. Sindinayale.

Koma Esinati sanadumphitse. Chifuwa chinkamugwirabe, koma chikayamba ankapita yekha pa ndowa n'kuyamba njuchi yake, ndipo kuchipatala tinkafika akuyenda ndi miyendo yake. Ine ndinkangosangalala. Ine amene ndimamva chilichonse, sindinamve zimene a Nangondo ankamva: mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akuuza anzake kuti m'mawa anali njoka, dzulo anali mphaka, agogo amuphunzitsa.

Tsiku la dzuwa lija, amene anathetsa kulondera kwanga anali a Nangondo omwewo. Anabwera kudzayanika zovala, anati Mzee Uyoga lero wamera mizu, kenako anaona nyerere zikulowa m'khutu, anaponya beseni pansi. Wachipatala amene anabwera anati ndi mtima. Ndinamufunsa ngati akanapulumuka ndikanawagwedeza m'mawa muja. Anati mwina ayi. Mwina ameneyo ndimayenda naye mpaka pano.

Amuna amene anasambitsa maliro anatuluka akunong'onezana. Ati thupi silinaume, miyendo imapinda ngati ya khanda, msana wofewa. Ndipo mukudziwa zimene amanena kwathu, kuti maliro akafewa ndiye kuti akuitana wina. Khanda la a Nangondo linali litadwala miyezi iwiri, likungoonda, kuchipatala osapeza kanthu. Kumanda tinapita ochepa. Wa ku Mwanza uja sanabwere.

Patapita masiku atatu, m'mawa ndikukoleza makala, ndinamva a Nangondo akundiitana ndi mawu otsika, ndipo anandiopsa kuposa akanakuwa. Uwani, pamalo a agogo pomwe paja, Esinati anali atayala kanga yanga, chitenje cha kuno, atagona chagada, zikhatho kumwamba, atatsinzina. Lute anali atamugoneka pambali pake.

A Nangondo anagwada. "Esinati, mama, ukuchita chiyani?"

Mwana anayankha osatsegula maso. "Ndikufa pang'ono."

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Agogo. Anati tizifa tsiku lililonse, osadumphitsa."

"Nanga mng'ono wakoyu?"

"Ndikumuphunzitsa. Akakula adzakhala mphaka."

Pofika masana nkhani inali itawoloka msewu. Ana analetsedwa kusewera naye. Mayi wa maandazi anakana kumupatsira m'manja, anamuikira pansi. Dzuwa likupendeka amayi a m'nyumbamo anandikhazika m'kolido, onse, mwaulemu, palibe amene anakweza mawu. Anati mwana alibe mlandu, wangopatsidwa, ndipo chopatsidwa chimachotsedwa. Anali atalankhula kale ndi mganga wina, sing'anga wa cha ku Bagamoyo wodziwa za ana, ndipo abwera Loweruka. Ndinafunsa kuti amachita bwanji. Anati amaika makala m'phale, masamba ndi tsabola pamwamba, mwana amamufunditsa bulangete pamodzi ndi phalelo mpaka asanze zimene anadyetsedwa.

"Mwanayu ali ndi mphumu," ndinatero. "Utsi wa makala okha umamutseka."

"Ngati ili mphumu," anatero a Nangondo, khanda lawo lili pachifuwa, mutu ukulendewera. "Wanga akutha, mayi a Esinati. Wanu akuyenda. Mukufuna ndidikire chiyani?"

Sindinawade. Ndinaona timikono ta khandalo.

Bambo a ana atabwera ndinawauza zonse. Anali otopa, fumbi la mabelo lili m'tsitsi. Anati tikakana ndiye kuti tavomera, atigenda, atiotchera katundu, tipita kuti, ndi utsi chabe, mphindi zochepa, iwo adzakhala pomwepo. Ndinawafunsa ngati anamuonapo mwanayo chifuwa chitamutseka. Sanamuonepo, nthawi zonse ankakhala ali ku Mwenge. Anati ndisakweze mawu, makoma ndi opyapyala.

Lachisanu atangonyamuka ndi belo lawo ndinamanga zovala za ana mu kanga, ndinabereka Lute, ndinamuuza Esinati kuti tikupita kuchipatala, ndinadutsa m'kolido ndikupereka moni khomo lililonse kuti asaganize kanthu, ndinakwera daladala, ndinasintha, ndinasinthanso, mpaka ku Mbagala kwa mkulu wanga, kumene palibe amene anamvapo za Mzee Uyoga. Bambo awo anatitsatira patapita miyezi iwiri. Nkhaniyi saikamba.

Sabata yatha ndinapita ku Kawe ndekha, poti chaka chimakwana ndipo palibe wina woti awakumbuke. Chipinda chawo mwini nyumba anapatsa munthu wosungiramo mabelo, pachitseko pali loko wamkulu. Khanda la a Nangondo linamwalira mwezi womwe tinathawawo, ndipo atandiona analowa n'kutseka. Uwani chingwe cha zovala anachisuntha, tsopano chimakhota kuzemba pakona paja. Palibe amene amapondapo. Simenti yake ndi yosalala kuposa ina yonse, ndipo pakhoma, chapamwamba, pali madontho awiri akuda pamene zidendene zinkatsamira. Wina anawazapo mchere ndi phulusa, mvula inazisakaniza, zinauma ngati nkhanambo yoyera. M'ming'alu mwamera udzu wautali, poti ngakhale tsache silifikapo.

Esinati sindinamutenge, ndipo sakanalola kubwera, chifukwa cha zimene ndinachita m'mawa woyamba ku Mbagala. Ndinadzuka n'kupeza pamphasa palibe. Anali panja, pabwalo la nyumba ya eni, pamene makomo asanu ndi limodzi amayang'ana, atayala kanga, ataima, mapazi onse pansi, akuyamba. Chitseko china chinali chitayamba kutseguka. Ndinamukoka dzanja mpaka m'chipinda. Ndinadziwa kuti kumenya sikuthandiza, agogo anali atamuika chinthucho mozama, akanangodikira kuti ndichoke. Ndiye ndinagwada, ndinamugwira mapewa, ndinamuyang'ana m'maso, ndinamuuza kuti a Nangondo ankanena zoona. Agogo Jailosi anali mfiti. Njoka, mphaka, njuchi, kufa pang'ono, zonsezo n'za ufiti, ndipo ankafuna kumutenga.

Sanalire. Anangondifunsa funso limodzi.

"Ndiye inenso ndine mfiti, amayi?"

"Ukasiya lero, ayi."

Anasiya. Kuchokera tsiku limenelo sanayalepo kanthu pansi, dzina lawo salitchula. Chifuwa chikamugwira tsopano amakhala pakona, kukamwa kuli yasa, maso akuthamanga, zala zikukanda khoma, ndipo ndimamubereka mpaka ku msewu ali chete, ndikuthamanga, ndikumvetsera kumsana ngati akadalipo. Anthu a kuno amati ndili ndi mwana wofatsa. Palibe amene wamukhudza.